A Barnabé Rouamba ndi Mlendo Wawo wa ku Falansa

Malemu achimwene anga, a Barnabé Tinga Rouamba, anabadwa pa 1 Januwale 1948 m'mudzi wa Nandiala. Likutero ndi pepala la boma. Mayi athu ankanena kuti anabereka nthawi yokolola mchewere, anthu onse ali kumunda, ndipo nonse mukudziwa kuti mu Januwale sitikolola kanthu. Kalaliki wa Afalansa amene ankalemba ana masiku amenewo sankafuna kudzivutitsa ndi mafunso, choncho mwana aliyense wa kumudzi ankangomupatsa 1 Januwale. Achimwene ankati mlandu wawo ndi dziko la Falansa unayambira pamenepo, chifukwa anawalanda tsiku lobadwa asanayambe n'kukwawa komwe.

Bambo Mfumu, akhristu anzanga, abale athu achisilamu, akuluakulu nonse amene mwabwera kudzatikhuza, ine ndine Anatole, mng'ono wawo wa malemu, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Ndaona kuti ambiri a inu maso akungothawira kwa mzungu wokalamba amene wakhala pa njinga yake ya olumala pafupi ndi alamu anga. Ndamvanso kunong'onezana kuti kodi mwini khomo wapita, nanga ameneyu alowera kuti. Funsolo n'loona ndipo latisowetsa mtendere sabata yonseyi. Ndiliyankha, koma mundilole ndiyambire kumene munthu anayambira.

Bambo athu a Tiraogo Rouamba anagwidwa thangata mu 1941 n'kutengeredwa kuminda ya azungu ku Côte d'Ivoire. Anabwerako mu 1946 msana utapindika, ndipo mpaka imfa yawo ankalima atagwada. Mkulu wawo a Noraogo anatengedwa kukamenya nkhondo ya azungu kutsidya kwa nyanja, ndipo sitinalandire ngakhale kalata yotiuza kumene anagona. Nkhani zimenezi bambo sankazikamba kawirikawiri. Ife tinkaziona ndi maso tsiku lililonse akamadzuka pamkeka. Ana tinabadwa asanu ndi awiri, tinakula atatu, ndipo lero ndatsala ndekha.

Mu 1956 malemu anayamba sukulu ya mishoni kuno ku Koudougou, ndipo anabatizidwa pa Pasaka wa 1959. Nthawi imeneyo mwana akalankhula chinenero chathu cha Chimore m'kalasi ankamuveka fupa la bulu m'khosi kufikira atagwidwa wina. Achimwene analivala fupa limenelo kambirimbiri mwakuti anzawo ankalitcha mkanda wa Barnabé. Koma wansembe yemweyo amene ankawaveka fupa ndi amene anawanyamula pa njinga, mtunda wa makilomita khumi ndi awiri dzuwa lili paliwombo, tsiku limene njoka inawaluma kumunda. Zinthu ziwirizi anazisunga zonse mumtima. Ndikawafunsa kuti amazigwirizanitsa bwanji, ankati, “Njinga ija inali ya Yesu, fupa lija linali la Falansa. Munthu wake ndiye anali mmodzi.”

Mu 1966 anayamba kuphunzira ntchito yowotcherera zitsulo kunjanji, ndipo mu 1970 analembedwa ntchito. Anagwirapo ku Bobo-Dioulasso zaka zinayi, ku Abidjan zaka zitatu, kenako anabwerera kuno kwawo. Anali mmisiri wonyadira dzanja lake. Pamene awotcherera iwo, chitsulo chinkathyoka pena koma osati pamenepo, ndipo ankafuna kuti aliyense adziwe zimenezo.

Pa 16 Febuluwale 1974 anamanga ukwati woyera m'tchalitchi chomwe chino ndi mayi Philomène Kiemdé. Akhala limodzi zaka makumi asanu ndi chimodzi. Alamu angawa ndi mayi amene munthu sangadutse pakhomo pawo kukhosi kuli gwa, kaya ndi wogulitsa makala, kaya ndi wofunsa njira. Khalidwe limeneli mulikumbukire, chifukwa ndi limene linagwetsa achimwene m'mbuna. Mulungu anawapatsa ana asanu, woyamba ndi Evariste, amene anabadwa mu 1977 ndipo lero ndi mphunzitsi wa kusekondale.

Mu 1981 malemu anagula wailesi, ndipo anthu oyandikana nawo mtendere wa m'mawa unathera pamenepo. Tsiku lililonse 6 koloko ankatsegula wailesi ya ku Paris, osati kuti amve nkhani, koma kuti aziyankha. Munthu akulankhula ali kutali kumeneko, iwo ali pampando ndi chikho cha phala m'manja: “Bodza limenelo. Unaliko iwe? Bwera udzanene pano.” Akamva kuti ku Algeria, ku Mali kapena ku Haiti anthu akudandaula za dziko lomwelo, ankandiitana pampanda: “Anatole, wamva? Umati ndine wamisala. Dziko lonse lapansi lili mbali yanga.” Mu Januwale 1994, Falansa itagwetsa mphamvu ya ndalama yathu ndi theka, anakhala masiku atatu osatsegula wailesiyo. Ankati akuopa kuti angaiphwanye, pomwe yolakwa si wailesi.

Pa 31 Meyi 2002 timu ya Senegal inagonjetsa Falansa pa mpira wa dziko lonse. Achimwene ku Senegal anali asanapondeko, ndipo mpira sankaudziwa kuti umatha mphindi zingati, koma anapha nkhanga zitatu n'kuitana mzere wonse wa nyumba. Tadya takhuta, alamu anga ndiye anakumbutsa kuti linali Lachisanu, tsiku losadya nyama. M'mawa mwake tinawaona achimwene akupita kukalapa. Pobwera ndinawafunsa ngati analapadi ndi mtima wonse. Anati, “Za nyama ndalapa. Za chigolicho sanandifunse.”

Musaganize kuti anali munthu wa msunamo. Anali wanthabwala, wokonda anthu, ndiponso wokonda Mulungu wake popanda chinyengo. Kuyambira mu 1985 anatsogolera mphakati wa Yosefe Woyera. Atapuma pantchito mu 2003 anamanga kashedi pansi pa mtengo wa nimu pakhomo pawo, n'kumawotcherera njinga, ngolo ndi zitseko, koma Lachinayi lililonse ankatseka kuti akaone odwala kuchipatala. Vuto linkabwera tikafika pa lamulo lija la Ambuye lokonda adani. Ankalifotokoza bwino kwambiri, mpaka amayi kumagwedeza mitu. Tikamabwerera kunyumba ine ndinkawaputa dala: “Achimwene, mwalalikira bwino. Nanga Afalansa?” Iwo ankati, “Iwe Anatole, Falansa ili kutali. Mulungu akafuna kuti ndiikonde aibweretse pano.” Ndinawachenjeza kangapo kuti Mulungu sanyozedwa choncho, koma mawu a mng'ono salemera.

Mu 2022, anthu atayamba kutuluka m'misewu kuti asilikali a Falansa achoke m'dziko muno, Evariste ndi amene ankayenda patsogolo kuno ku Koudougou, chimkuzamawu chili m'manja. Sanatengere patali. Mawu amene ankanena pamsewu ndi omwewo amene anakula akuwamva 6 koloko m'mawa. Bambo ake ankanyadira kwambiri. Ankaima pachipata kumuona akudutsa, n'kumauza aliyense kuti, “Wanga ameneyo.” Chimodzi chokha ankamuuza: kukuwa akuwe mmene angathere, koma asamenye munthu ndipo asawotche cha mwini. Evariste anasunga zimenezo, ndipo ndikuchitira umboni pamaso panu. Mu Disembala chaka chomwecho wailesi ya ku Paris inasiya kumveka kuno. Tinkayesa achimwene asangalala, koma m'mawa ankangozungulira pabwalo ngati nkhuku yosowa poikira.

Lachinayi pa 9 Febuluwale 2023 anapita kuchipatala monga mwa nthawi zonse. Pabedi lakumapeto anapeza mzungu atafa mbali imodzi ya thupi, wopanda womudikirira, mbale yake ili mbee. Anali a Fernand Guilloux, amene mukuwaonawa. Kwa amene simukuwadziwa, anabwera kuno mu 1975 kudzakumba zitsime, anakwatira mayi wa ku Réo amene anatisiya kalekale, ana analibe, ndipo kwawo anali atakanitsitsa kubwerera chifukwa kunalibenso wowadziwa. Achimwene anawazindikira nthawi yomweyo. Mu 1988 bambo amenewa anawabweretsera chitsulo cha makina okumbira kuti awotcherere, ndipo atachiona anati kwawo mwana wa sukulu angachite bwino kuposa pamenepo. Mawu amenewo achimwene anali atawasunga zaka makumi atatu ndi zisanu osataya ngakhale limodzi.

Anandiuza okha kuti anadutsa bedi limenelo, anakapempherera odwala ena onse, natuluka mpaka pamene anasiya njinga. Atagwira chiwongolero miyendo inakana. Anabwerera, nagula phala panja, nakawamwetsa. Anachita zimenezo masabata awiri osauza munthu kunyumba, chifukwa cha manyazi. Ena amabisa mowa, ena amabisa akazi, achimwene anga ankabisa chifundo.

Pa 24 Febuluwale a Fernand anatulutsidwa. Kachipinda kamene ankakhala kanali pamwamba, kokwera ndi masitepe, ndipo munthu wosayenda sakanakhalamo yekha. Achimwene anaganiza zowagoneka kwawo tsiku limodzi lokha, kuti m'mawa akalankhule ndi asisiteri amene amasunga okalamba. Anawakweza pa njinga yamoto ya matayala atatu n'kufika nawo pakhomo masana. Cholakwa chawo chinali chimodzi: sanatsogoze mawu kwa akazi awo. Ali mkati motsitsa katundu, alamu anga anaona munthu wachilendo atakhazikidwa pamthunzi, thukuta lili kamukamu. Anachita zimene achita moyo wawo wonse. Anatenga chikho, anasungunula ufa wa mchewere ndi bwemba, nagwada. Achimwene potembenuka anapeza chikho chili pakamwa pa a Fernand, chakumwa chathu cha zom-koom chatsika kale kukhosi.

Ndinene izi chifukwa cha ana a m'tauni amene anaiwala za kwawo. M'banja la Rouamba, munthu amene wamwa madzi amenewo m'chikho cha pakhomo si wodutsanso ayi. Ndi mlendo wa khomo limenelo. Safunsidwa kuti apita liti, saperekedwa kwa ena, ndipo mwini khomo akamwalira, mwana wamwamuna woyamba ndiye amanena ngati amulandira kapena ayi. Wodutsa timam'patsa madzi wamba m'kapu. Achimwene anagwira m'mutu. “Amake Evariste, mwandipha. Kapu inasowa?” Alamu anga anati, “Nanga ine ndimalota? Munthu mwabwera naye nokha, mwam'khazika pamthunzi wanu, ndimupatse m'kapu ngati wogulitsa makala? Ndani kodi ameneyu?” Iwo anati, “Ndi Falansa imeneyo. Yabwera.”

Ine ndinafika madzulo ake, ndipo sindibisa, ndinali woyamba kutsutsa. Ndinati mwambo umagwira amene akuudziwa, mzungu sadziwa kuti wamwa chiyani, mawa m'tengereni kwa asisiteri palibe adzatidzudzule. Achimwene anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, “Iye sakudziwa, koma ine ndikudziwa. Makolo andigwira dzanja ili, Yesu wandigwira linali. Ndithawe ndi chiyani? Ndinapempha ndekha kuti aibweretse, ndipo walira mvula walira matope.” Ndinabwerera kwathu nditakwiya, ndipo lero ndikuvomera pamaso pa bokosi lawo kuti wolakwa ndinali ine.

Cholemera chinali cha Evariste. Anabwera Lamulungu lotsatira kudzadya ndi makolo ake monga ankachitira sabata iliyonse, napeza mzungu atakhala pampando umene agogo ake a Tiraogo ankakhalira. Anaima pachipata osalowa. Ine ndinalipo, ndipo mawu ake ndikuwakumbukira. Anati, “Bambo, msana wa agogo munandiuza ndinu. Za a Noraogo munandiuza ndinu. Ine ndikupsa ndi dzuwa pamsewu kuti anthu amenewa atisiye, inu mukuwasambitsa kunyumba? Anzanga ndikawauza chiyani?” Bambo ake anati, “Ukawauze kuti bambo ako sanasinthe maganizo. Asilikali achoke, ndipo ukadutsa ndidzaimabe pachipata. Koma uyu si msilikali, ndi nkhalamba yosatha kudzipukuta kukamwa. Lowa udye.” Evariste anati, “Tsiku limene adzatuluke ameneyu ndi limene ndidzalowe.” Anakwera njinga yake napita.

Musamuweruze mwanayu. Zinamuwawa zenizeni. Pamsonkhano anzake ankamufunsa ngati kazembe wa kunyumba kwawo wadzuka bwino. Ena anamuchotsa pa utsogoleri kwa kanthawi, ati sangadalirike. Pakhoma la bambo ake anyamata analemba ndi makala kuti pano ndi pa Falansa. Ndipo kwa zaka ziwiri anasunga mawu ake. Ankabwera kudzapereka moni, ankabweretsa mankhwala a mayi ake, ankatumiza ana ake, koma iye mwini ankathera pachipata. Alamu anga ankamutengera chakudya mpaka pamenepo, iye n'kudya ataimirira ngati mlonda. Izi zinkawapweteka achimwene kuposa mmene ankaonetsera.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linawalephera. Ndipo a Fernand, mundikhululukire poti muli pomwepa, simunali mlendo wophweka. Therere ankati likuterera, phala ankati lachepa shuga, pemphero la madzulo ankati likuwasokoneza mutu chifukwa iwo za Mulungu anasiya ali mnyamata. Achimwene ankawasambitsa, kuwameta, kuwatembenuza, kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu kunyamula mnzake. Zikomo sankabwera. Chimene chinkabwera ndi mkangano, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaona kuti Mulungu ndi wanthabwala. M'mawa uliwonse 6 koloko, pabwalo pankamveka mawu ngati kale. “A Tsamunda, madzi atentha, tiyeni musambe. Kapena mudikira lamulo lochokera ku Paris?” Enawo, pakamwa patapotoka chomwecho: “A Bishopu, popanda ife bwenzi njanji yanu mukuwotcherera chiyani?” “Njanji imeneyo anamanga ndi abale anga ndi misana yawo, inu munangobweretsa chikwapu. Kwezani dzanja ndikupakeni sopo.” Alamu anga ankati wailesi yakale inali yabwino chifukwa inali ndi pozimitsira.

Mu Juni 2024 achimwene anatenga matayala a njinga ziwiri zakale ndi mapaipi, nawotcherera njinga imene a Fernand akhalapoyi. Atawakhazikapo, a Fernand anapapasa molumikizira monse ndi dzanja lawo labwino, pang'onopang'ono, ngati akuyesa mbuzi pamsika. Kenako anati, “Yagwira bwino.” Achimwene anafunsa, “Mwana wa sukulu wa kwanu angathe?” Iwo anati, “Sangathe. Ndinalankhula zopusa tsiku lija.” Achimwene anabwera kwathu akuyenda ngati mnyamata kudzandiuza zimenezo. Kuchokera pamenepo a Fernand ankakhala pashedi tsiku lonse, kumalangiza za injini za mapampu zimene anthu ankabweretsa, ndipo awiriwo ankakangana mpaka dzuwa kupendeka. Sindinawaonepo achimwene ali okhutira ngati miyezi imeneyo.

Tsiku lina masana ndinawafunsa ngati tsopano akhululukira Falansa. Anaseka. Anati, “Anatole, dziko ulikhululukira bwanji, lili ndi nkhope? Zimene anachita anachita, ndipo ndidzazinena mpaka m'manda. Koma ndinkayesa kuti kutsata Ambuye ndi nkhani ya maganizo, kuti tsiku lina ndidzadzuka mtima utayera. Ayi ndithu. Ndi nkhani ya beseni ndi sopo. Mtima umabwera pambuyo, ukutsimphina.” Ndinawafunsa ngati a Fernand ayamba kupemphera. Anati sanawasunge kuti awatembenuze, ndipo nkhani imeneyo ili pakati pa eni ake awiri, a Fernand ndi Mulungu.

Mu Novembala 2024 miyendo yawo inayamba kutupa. Madokotala anapeza kuti impso zafooka. Mu Januwale chaka chino anapita nawo ku Ouagadougou, ndipo amene anawatengera kumeneko, kuwadikirira ndi kuwabweza ndi Evariste yemweyo. Mwanayu bambo ake sanawataye ngakhale tsiku limodzi. Pobwera anawathandiza kutsika galimoto, nawapereka m'manja mwa alongo ake pachipata. Pa 3 Malichi anagonekedwa kuchipatala cha kuno.

Lachinayi pa 6 Malichi masana tinali atatu m'chipindamo, malemu, Evariste ndi ine. Achimwene anamuitana kuti asendere. Anati, “Mwana wanga, ndinakuphunzitsa kukwiya ndipo unakhoza bwino. Sindikubweza phunziro limenelo, zifukwa zake zilipo. Koma panali phunziro lachiwiri. Ndinachedwa kukupatsa chifukwa inenso ndinali ndisanalidziwe.” Evariste anati, “Bambo, ndisiyireni chilichonse, amayi, alongo anga, shedi, zonse ndisenza. Koma katundu ameneyu musandisiyire.” Iwo anati, “Sindikukusiyira. Mwambo umati unene ndiwe, ndipo ukakana palibe adzakutemberere, ndamuuza kale Anatole. Ine ndikungokuuza kuti ndinkaopa kuti munthu ameneyu adzandilanda ukali wanga, ndikhale ngati ndagulitsa bambo anga. Sanandilande kanthu. Madzi ake osamba asamatenthe kwambiri, mbali yakufayo samva, angapse.” Evariste anawakonzera pilo, natuluka panja.

Lolemba Bambo Mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, ndipo analandira Ukaristia ali ndi nzeru zawo zonse. Lachiwiri pa 11 Malichi 2025, nthawi ya 10 koloko m'mawa, anatisiya mwakachetechete, dzanja lawo lili m'manja mwa akazi awo. Malinga ndi pepala lija anali ndi zaka 77. Malinga ndi mayi athu, ziwerengeni nokha.

Lachitatu banja linakhala pansi. Tinamufunsa Evariste za mlendo katatu, monga mwambo unenera, ndipo katatu konse anangoyang'ana pansi. Alamu anga okha sangathe kunyamula munthu, ana aakazi ali kumabanja awo, ndipo ine mukundiona ndi ndodo yangayi. Choncho ndinapita kwa asisiteri, ndipo anavomera mwachifundo kutumiza galimoto Lolemba likudzali. A Fernand sitinawauze, koma anadziwa okha. Tinapeza atalongedza zovala zawo m'thumba la mpunga ndi dzanja limodzi, ataliika pamiyendo. Anati mwini khomo wapita, ndipo sakufuna kuti mwana alephere kulira bambo ake m'nyumba ya bambo ake chifukwa cha iwo. Thupi litafika dzulo anapempha kuti tiwakankhire pafupi. Anayang'ana nthawi yaitali, nati, “A Bishopu, mwathawa mkangano usanathe.” Kenako analira monga tilirira ife, osabisa nkhope. Evariste anali ataima pachipata, ndipo anaona zonsezo.

Tsopano ndithokoze. Tikuthokoza Bambo Mfumu ndi akhristu a mphakati wa Yosefe Woyera, amene simunatisiye kuyambira tsiku loyamba. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a kuno ndi a ku Ouagadougou. Tikuthokoza a El Hadj Boukary ndi banja lawo, oyandikana nawo a zaka makumi anayi, amene anapirira wailesi zonse ziwiri ndipo sabata ino atsegula bwalo lawo kuti alendo athu agonemo. Tikuthokoza anzawo akale a kunjanji, amayi amene akhala pamoto masiku anayi, ndi anyamata amene akumba manda m'nthaka youma ya mwezi uno. Ambiri mwa anyamata amenewo ndi anzake a Evariste a pamsewu, ndipo ena mwa iwo ndikuwadziwa kalembedwe kawo ka makala, koma lero agwira ntchito ya ana a pakhomo ndipo tawalandira. Asisiteri, zikomo chifukwa cha mtima wanu.

Malemu asiya akazi awo, mayi Philomène. Asiya ana asanu: Evariste, Clarisse, Honorine, Pascaline ndi Odilon. Asiya zidzukulu khumi ndi zinayi, zidzukulutudzi ziwiri, ndi ine mng'ono wawo.

Pamene ndinalemba dzulo panathera pamenepo. Lero m'mawa, tikukonzekera kunyamula thupi, ndili m'chipinda cha malemu, ndinamva munthu akuti, “Bambo aang'ono, ndione pepalalo.” Nditadzutsa mutu ndinaona Evariste, ali m'kati mwa nyumba. Anawerenga mpaka pansi, anandipempha cholembera, nalemba ataimirira. Atandibwezera anapita kukhitchini kukafunsa mayi ake kumene kumakhala beseni. Ndiwerenga monga analembera, osachotsa kapena kuwonjezera:

“Asiyanso mlendo wa pakhomo, a Fernand Guilloux. Ndawalandira ine Evariste. Kuzionetsero sindisiya kupita, ndipo ndawauza.”

Choncho asisiteri, galimoto ya Lolemba isavutike. A Fernand, thumba lija mukamasule.

Achimwene, mwamva nokha. Mwana wanu walowa m'nyumba, ndipo mlendo wanu wasamba m'mawa uno. Pitani bwino kwa Ambuye amene munawatsata ngakhale pamene miyendo inkakana. Mzimu wanu uuse mumtendere wosatha.